TIWERENGE MTSINJE WATHU: NKHANI YA EFEMERA

Zikomo kuti mwaika makasu pansi, mwasiya mitondo, ndipo mwabwera kudzakhala pamthunzi pano.

Lero sitikamba za njovu, sitikamba za ng'ona. Tikamba za kachirombo kakang'ono kokhala pansi pa miyala, mu mtsinje womwewu umene timatungamo madzi. Mwina wina akudzifunsa mumtima kuti: "Ine munthu wa ana ndi zidzukulu, nditaye dzuwa langa chifukwa cha kachirombo?" Funso limeneli ndi labwino. Yankho lake ndi iri: kachirombo kameneka ndi mboni. Mtsinje ukayamba kudwala, iko ndiko kamayamba kudziwa. Nsomba zisanathe, iko kamakhala katasowa kale. Munthu wodziwa kukayang'ana amachenjera nthawi ikadalipo.

M'Chinyanja chathu mawu akuti "kuwerenga" ali ndi ntchito ziwiri. Timawerenga kalata, timawerenganso mbuzi m'khola. Lero tichita zonse ziwiri. Tiwerenga michira, tiwerenga miyendo, ndipo pomaliza tiwerenga mtsinje weniweniwo monga tsamba la buku.

1. DZINA LAKE

Pa Chipwitikizi kachirombo aka amakatcha efémera. Mawuwa anachokera ku Chigiriki, ndipo amatanthauza chinthu cha tsiku limodzi. Akatswiri a tizirombo amatcha fuko lake lonse Ephemeroptera. Ife pano tizingoti efemera akakhala mmodzi, aefemera akakhala ambiri, monga timanenera tombolombo ndi atombolombo.

Tiyeni titchule pamodzi: e-fe-me-ra.

Dzinali liri ndi choonadi, komanso limasocheretsa. N'zoona kuti efemera akamera mapiko sakhalitsa. Wina amatha ola limodzi, wina tsiku limodzi kapena masiku awiri. Koma moyo wake suyamba tsiku limenelo. Asanauluke amakhala m'madzi masabata ambiri kapena miyezi, ndipo m'mayiko ozizira ena amatha chaka kapena zaka ziwiri. Tsiku la mapikolo ndi chimaliziro chabe, monga tsiku lokolola liri chimaliziro cha dzinja lonse.

Fuko limeneli ndi lakale kwambiri. Zizindikiro za makolo ake zinapezeka m'miyala ya zaka zoposa 300 miliyoni. Mitundu yake yodziwika pa dziko lapansi imaposa 3,000.

2. EFEMERA WAMKULU

Nonse munamuona kale, ngakhale simunamutchule dzina. Madzulo, dzuwa likamalowa, pamwamba pa madzi pamaoneka kagulu ka tizirombo tovina: tikwera, titsika, tikweranso. Usiku tina timabwera pa nyali n'kutera pakhoma. Mukaona kamodzi katatera, yang'anani zinthu zinayi.

Choyamba, mapiko. Efemera akatera sagoneka mapiko pamsana. Amawaimika chiriri, ophatikizana, ngati thanga la ngalawa. Mapiko akutsogolo ndi aakulu, a ngodya zitatu. Akumbuyo ndi aang'ono, ndipo mitundu ina iribe n'komwe.

Chachiwiri, michira. Ali nayo iwiri kapena itatu, yoonda ngati ulusi, kawiri-kawiri yaitali kuposa thupi lake.

Chachitatu, tinyanga ta pamutu. Take n'tatifupi kwambiri, tovuta kuona.

Chachinayi, pakamwa. Pakamwa pa efemera wamkulu sipagwira ntchito. Sadya, saluma munthu, sayamwa magazi, saononga mbewu. M'mimba mwake muli mpweya wokha-wokha, umene umamupeputsa pouluka. Amakhala ndi moyo ndi mafuta amene anasunga ali m'madzi.

Wamwamuna mumamudziwa ndi maso ake aakulu ndi miyendo yakutsogolo yaitali, imene amagwirira wamkazi m'malere. Gule wa madzulo uja ndi wa amuna. Wamkazi akalowa m'bwalomo, mmodzi amamugwira, ukwati n'kuchitika ali chiulukire.

Tisamusokoneze ndi tizirombo tina. Ngumbi ziri ndi mapiko anayi ofanana, zimawathothola zikatera, ziribe michira, ndipo zimachokera m'chulu. Tombolombo ndi wamkulu, amatambasula mapiko, ndipo ndi mlenje wodya tizirombo tinzake. Udzudzu uli ndi mapiko awiri ndi mlomo wobaya. Anzathu a ku Metangula ndi m'mbali monse mwa nyanja ya Niassa amadziwa nkhungu, zimene zimatuluka m'nyanja ngati utsi, anthu n'kumazigwira kuti zikhale ndiwo. Nkhungu si aefemera ayi. Ziri ndi mapiko awiri, ziribe michira, ndipo ndi abale a udzudzu ngakhale siziluma.

3. MISINKHU INAYI

Gulugufe amayamba ali dzira, amakhala mbozi, amagona m'chikwa, kenaka amatuluka ndi mapiko. Efemera alibe chikwa. Njira yake ndi ina, ndipo iri ndi misinkhu inayi.

Msinkhu woyamba ndi dzira. Ukwati utatha, wamkazi amatsikira pamadzi. Wina amakhudza madzi ndi nsonga ya mimba yake kambiri-mbiri, kusiya mazira pang'ono-pang'ono. Wina amataya onse nthawi imodzi. Winanso amatera pamwala, amakwawa kulowa pansi pa madzi, n'kumata mazira ake kunsi kwa mwalawo. Mazira a mayi mmodzi amakwana mazana, mwina zikwi. Akatha kuikira, ntchito yake yatha, ndipo amafa. Mazira amamira n'kukakamira pa miyala, pa mchenga kapena pa zomera.

Msinkhu wachiwiri ndi mwana. Pa Chipwitikizi amati ninfa. Uwu ndiwo msinkhu wautali, ndiwonso msinkhu wakudya. Mwana wa efemera amapala ndere za pamiyala, amadyanso zoola za masamba ogwera m'madzi. Khungu lake silitanuka. Akakula limamuthina, ndipo amafundula monga imachitira njoka. Amafundula nthawi 10, nthawi 20, ena kuposa pamenepo. Pamsana pake pamamera timatumba tiwiri, m'mene mapiko akukulira. Gwirani ichi: timatumba timeneti tikada bii, ndiye kuti mwanayo watsala pang'ono kutuluka m'madzi.

Msinkhu wachitatu ndi wamapiko otuwa. Tsiku lake likakwana, mwana amayandama pamwamba pa madzi, kapena amakwera pamwala kapena pa bango. Khungu limang'ambika pamsana, ndipo mumatuluka kachirombo ka mapiko. Koma sikanakhwime. Mapiko ake ndi otuwa, osaonekera, okutidwa ndi tiubweya timene timakana madzi kuti kasamire. Kamauluka mofooka, kukabisala m'masamba a m'mbali mwa mtsinje. Akatswiri amatcha msinkhu uwu subimago. Kwa ena umatha mphindi zowerengeka, kwa ena tsiku limodzi kapena awiri.

Msinkhu wachinayi ndi wamapiko owala. Ali pa tsamba paja, efemera amafundulanso kotsiriza. Amavula khungu lonse, ndi la mapiko lomwe. Tsopano mapiko ake ndi oyera mbee, oonekera ngati galasi, thupi lake ndi lonyezimira, michira yatalika. Uyu ndiye wamkulu, imago, wokonzeka kukavina ndi kubereka. Akazi a mitundu yowerengeka yokha ndiwo amalumpha kufundula kotsirizaku, n'kuikira mazira akadali otuwa.

Pano pali chodabwitsa. Pa tizirombo tonse ta pa dziko lapansi, efemera yekha ndiye amafundula atamera kale mapiko oulukira. Chiwala sichitero, njuchi sitero, gulugufe satero. Mukapeza kakhungu kopepuka, ka michira yake yomwe, katamatirira pa tsamba kapena pakhoma pafupi ndi mtsinje, dziwani kuti ndi malaya amene efemera wavula.

Tibwereze: dzira, mwana, wamapiko otuwa, wamapiko owala.

4. KUZINDIKIRA MWANA WA EFEMERA

Wamkulu amaoneka madzulo amodzi n'kupita. Mwana amakhala m'madzi usana ndi usiku, ndipo zonse zobwera ndi madzi zimamukhudza. Chifukwa chake mboni yathu yeniyeni ndi mwanayo. Pansi pa mwala pamakhala tamoyo tambiri. Tsono timudziwa bwanji? Tiwerenge.

Werengani miyendo. Ali nayo 6, ndipo mwendo uliwonse uli ndi kachikhadabo kamodzi kokha.

Werengani michira. Kawiri-kawiri ali nayo 3, yoonda ngati ulusi. Owerengeka ali ndi 2.

Yang'anani m'mbali mwa mimba. Muona timasamba ting'ono-ting'ono tondandalika uku ndi uku, mpaka 7 mbali iriyonse. Timeneti ndi timasamba topumira. Ndito timatenga mpweya wa okosijeni umene uli m'madzi. Mukamuika m'mbale, mwa ambiri muona tikugwedezeka. Ichi ndicho chizindikiro chachikulu.

Alipo awiri ofanana naye. Woyamba ndi mwana wa tombolombo wamng'ono woonda uja. Nayenso ali ndi zitatu kumbuyo, koma zake n'zotambalala ngati masamba, ndipo m'mbali mwa mimba yake mulibe kanthu. Wachiwiri ndi kachirombo ka pansi pa miyala kamene akatswiri amakatcha Neoperla. Kali ndi michira 2, tizikhadabo tiwiri pa mwendo uliwonse, ndipo zopumira zake ziri ngati ubweya m'khwapa mwa miyendo, osati m'mbali mwa mimba. Kameneka mukakapeza kondwerani, chifukwa nakonso kamafuna madzi abwino.

5. MABANJA AKE

Kusiyanitsa mtundu weni-weni ndi unzake kumafuna makina okuza zinthu, ndipo kawiri-kawiri akatswiri amafuna wamwamuna wamkulu kuti atsimikize. Koma kusiyanitsa mabanja tingathe ndi maso athuwa. Thupi la mwana aliyense limalingana ndi malo amene amakhala. Maina a m'mabuku ndi a Chilatini. Ndiwatchula kuti muwamve, koma ife tiwapatse maina olingana ndi maonekedwe awo. Mabanja awa amapezeka m'mitsinje ya chigawo chino cha Afirika.

Kansomba. M'mabuku ndi Baetidae. Thupi lake ndi lobulungira, losongoka kumbuyo, tinyanga take n'tatitali. Mukamukhudza amathamanga m'madzi ngati kamwana ka matemba. Amakhala pali ponse: pa miyala, mu udzu wa m'mbali, ngakhale m'madziwe. Ena a banja iri amapirira madzi oipa pang'ono.

Wophwatalala. M'mabuku ndi Heptageniidae, ndipo wodziwika kuno ndi Afronurus. Amaoneka ngati wapondedwa ndi phazi. Mutu wake ndi wotambalala, maso ali pamwamba pa mutu, miyendo yatangadza uku ndi uku. Amakangamira pamwala m'madzi othamanga, ndipo madzi amangomudutsa pamsana osamukokolola. Mukatembenuza mwala amathawira kuseri mofulumira, cham'mbali ngati nkhanu. Uyu safuna matope, safuna madzi ofunda oima.

Wamphanda. M'mabuku ndi Leptophlebiidae. Timasamba take topumira n'togawikana ngati mphanda, tina tiri ndi nsonga ngati zala. Michira yake ndi yaitali, yotayana. Amakonda kunsi kwa miyala ndi pamene masamba oola aunjikana.

Wazivindikiro. M'mabuku ndi Caenidae. Ndi wamng'ono zedi, waulesi poyenda, ndipo amakhala wodzola matope. Pamsana pa mimba yake pali tizivindikiro tiwiri ta ngodya zinayi. Timeneti timaphimba timasamba topumira kuti matope asatitseke. Chifukwa chake amatsala pamene anzake athawa matope.

Wosefa. M'mabuku ndi Oligoneuriidae. Miyendo yake iwiri yakutsogolo iri ndi ubweya wautali. Amakhala pamwala kuyang'ana kumene madzi akuchokera, amatchera miyendoyo ngati mono, n'kumadya zokodwamo. Amafuna madzi othamanga kwambiri.

Kafulu. M'mabuku ndi Prosopistoma. Uyu amanyenga, chifukwa saoneka ngati abale ake. Chigoba chimodzi chaphimba msana wake ndi zopumira zomwe, ngati chigoba cha fulu, ndipo timichira take n'tatifupi. Kukula kwake n'ngati njere ya mapira. Amamatirira pa miyala pamene madzi ali ndi mphamvu.

Wokumba. M'mabuku ndi mabanja awiri, Ephemeridae ndi Polymitarcyidae. Ndi woyererako, wofewa, ali ndi timinyanga tiwiri pakamwa ngati ta njovu, ndipo timasamba take topumira tiri ngati nthenga. Amakumba una m'matope kapena mumchenga, n'kumapemerera madzi m'unamo ndi nthenga zakezo.

Pa okumbawa pali mmodzi wotchuka mu Afirika, dzina lake Povilla adusta. Iye amaboola mitengo yomira m'madzi, n'kuyala ulusi wake m'kati mwa una. Amaboolanso mabwato ndi matabwa a pa madooko. Pamene dziwe la Kariba linadzaza pa Zambezi, khoma lake litatha mu 1959, mitengo yambiri inamira, ndipo Povilla anachuluka m'mitengo imeneyo. Ku nyanja ya Victoria akatswiri anaona kuti amatuluka mwaunyinji mwezi ukangokhala wathunthu, makamaka usiku wachiwiri wake. Kachirombo kosadziwa kalendala, koma kosaphonya tsiku!

6. TIFUFUZE BWANJI?

Zida zake tiri nazo kale m'nyumba: mbale yoyera, sefa kapena kansalu kopyapyala, nthenga ya nkhuku, kope ndi pensulo.

Tipite anthu atatu kapena anayi. Tisankhe pamene madzi afika m'mawondo kapena kuchepera. Tisalowe mu mtsinje wosefukira, tisalowe pamene pali ng'ona. Amene ali ndi nsapato za mphira avale.

Tithire madzi oyera pang'ono m'mbale. Mmodzi agwire sefa m'madzi, kumunsi kwa mwala. Wina atukule mwalawo, ausisite ndi dzanja, kuti zonse zochokapo zikodwe m'sefa. Tikhuthule m'mbale. Tichite chimodzi-modzi malo atatu: pa miyala ya m'madzi othamanga, mu udzu wa m'mbali, ndi pa mchenga kapena matope.

Tsono tidikire. Poyamba muona zinyalala zokha. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzi akadikha, zinyalala zina ziyamba kuyenda. Tizipatule ndi nthenga, osati ndi chala, chifukwa michira ndi timasamba sizichedwa kuthothoka.

Mlembi alembe tsiku, dzina la mtsinje, malo, ndi mabanja amene apezeka. Tikatha, tibweze tamoyo tonse m'madzi, ndipo mwala uliwonse tiugoneke monga tinaupezera. Mwalawo ndi nyumba ya eni ake.

7. KUWERENGA ZIMENE TAPEZA

Madzi ozizira, othamanga pa miyala, amasunga mpweya wambiri. Madzi ofunda, oima, amasunga wochepa. Ndowe ndi zonyansa zikamaola m'madzi zimamaliza mpweya. Matope amatseka timasamba topumira, amakwirira ndere, amadzaza mipata ya pakati pa miyala. Mankhwala ophera tizirombo m'munda amapha ndi ta m'madzi tomwe. Zonsezi mwana wa efemera amazimva msanga, pakuti sangathawire kwina.

Ku South Africa akatswiri anakonza njira yoyesera mitsinje yotchedwa SASS, ndipo mtundu wake wachisanu unasindikizidwa mu 2002. Pa njirayi banja lirilonse la tamoyo ta m'madzi limapatsidwa malikisi kuyambira 1 kufika 15. Lofuna madzi abwino limalandira ambiri, lopirira uve limalandira ochepa. Wosefa ali ndi 15. Kafulu ali ndi 15. Wophwatalala ali ndi 13. Wamphanda ali ndi 9. Wazivindikiro ali ndi 6. Kansomba akapezeka wa mtundu umodzi wokha ali ndi 4, koma mitundu yake ikaposa iwiri amalandira 12. Misundu iri ndi 3, timphutsi tofiira ta m'matope 2, nyongolotsi za m'madzi 1. Mu 2004 anatulutsanso njira yapafupi ya magulu 13, yotchedwa miniSASS, kuti ana a sukulu ndi anthu a m'midzi azitha kuyesa okha.

Ife tigwire mfundo zitatu.

Tikapeza mabanja ambiri, ndipo pakati pawo pali wophwatalala, wosefa kapena kafulu, mtsinje uli bwino.

Tikapeza kansomba ndi wazivindikiro okha, pa malo a miyala pamene anzawo anayenera kukhalapo, mtsinje wayamba kudwala.

Tikapeza timphutsi tofiira, misundu ndi nyongolotsi, popanda efemera ndi mmodzi yemwe, mtsinje wadwala kwambiri.

Koma tisafulumire kuweruza. Mtsinje wa mchenga wokha-wokha sukhala ndi wophwatalala ngakhale uli woyera, chifukwa mulibe miyala. Madzi akangosefukira, tamoyo timachepa kwa masabata angapo. Timitsinje tozizira ta m'mapiri a Angonia, Tsangano ndi Lichinga sitingafanane ndi Revubwe wa kumunsi kotentha, pafupi ndi pamene amathira mu Zambezi. Choncho tiyerekeze malo ofanana: miyala ndi miyala, mchenga ndi mchenga. Tiyese kumtunda kwa mudzi ndi kumunsi kwa mudzi tsiku limodzi. Tibwerenso pa malo omwewo kawiri pa chaka, mvula itatha ndiponso mvula isanagwe. Kope likasunga zaka zitatu kapena zinayi, lidzatiuza ngati tikupita kutsogolo kapena tikubwerera m'mbuyo.

8. CHENJEZO

Apa tcherani khutu, makamaka inu amayi. Efemera amatiuza za moyo wa mtsinje. Satiuza kuti madziwo ndi abwino kumwa. Tizirombo toyambitsa kolera ndi kutsekula m'mimba sitioneka ndi maso, ndipo tingakhale m'madzi oyera mbee, odzaza ndi aefemera. Madzi akumwa a mu mtsinje tiwawiritse kapena tiwathire mankhwala a klorini, nthawi zonse.

Ndiponso mukapeza nkhono zambiri m'madzi oima kapena oyenda pang'ono-pang'ono, kumbukirani likodzo. Nkhono zina ndizo zimasunga matendawo. Ana asasambe pamenepo, ndipo munthu asakodzere kapena kuchita chimbudzi m'madzi.

9. CHIMADWALITSA MTSINJE NDI CHIYANI?

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Ndiri mnyamata ndinkaweta ng'ombe m'mbali mwa kamtsinje ka kwathu. Tinkatembenuza miyala kufuna nkhanu, ndipo mwala uliwonse unkakhala ndi ophwatalala othawira kuseri. Sitinkawadziwa dzina, sitinkawalabadira. Madzulo anamzeze ankazungulira pamwamba pa madzi, kukada mileme inkalanda malo. Matemba tinkabwera nawo odzaza chipewa.

Patapita zaka ndinabwerera. Mikuyu ndi nsungwi za m'mbali zinali zitadulidwa. Madimba anali atafika m'madzi mweni-mweni. Ndinafuna mwala woti nditembenuze, ndipo ndinachita kuufukula m'matope. Pansi pake panali timphutsi tofiira basi. Matemba kunalibe. Palibe mlendo amene anabwera kudzaononga kamtsinje kathu. Tinali ife tomwe, aliyense ndi nkhwangwa yake ndi khasu lake, pang'ono-pang'ono. Aefemera anachoka poyamba. Anatichenjeza, koma panalibe wodziwa kuwerenga chenjezolo.

Onani m'mene zinthu zalumikizirana. Ndere ndi masamba oola zimadyetsa mwana wa efemera. Mwana wa efemera amadyetsa matemba, ana a nsomba zikulu-zikulu, nkhanu ndi achule. Wamkulu akauluka amadyetsa mbalame ndi mileme. Matemba amadyetsa ana athu. Mukadula chingwe pakati, mbale ya kunyumba imamva.

Nanga tichite chiyani?

Tisiye mpata wa udzu, bango ndi mitengo pakati pa dimba ndi madzi. Mizu imagwira dothi, mthunzi umaziziritsa madzi, ndipo masamba ndiwo pobisala pa wamapiko otuwa. Pamene tinadula, tibzalenso.

M'minda ya pa mapiri tilime mizere yopingasa, kuti dothi likhale m'munda, lisatsikire ku mtsinje.

Tisatsuke mu mtsinje pampu yopopera mbewu kapena botolo la mankhwala. Titunge madzi, tikatsukire kutali.

Tisaphe nsomba ndi katupe kapena ndi mankhwala a m'munda. Tisakoke masikito m'madzi. Ntchito ya masikito ndi kutiteteza ku malungo.

Zimbudzi ndi makola tizimange kutali ndi madzi. Ng'ombe zikhale ndi malo amodzi omwera, zisapondereze gombe lonse.

Kumene anthu akusefa golide, matope asabwerere mu mtsinje mwachindunji. Ayambe adikha m'dzenje.

Mtsinje umachira. Matope akaleka kubwera, madzi a mvula amatsuka miyala. Ngati kumtunda kapena m'timitsinje toyandikana aefemera akadalimo, ana awo amatsika ndi madzi, akulu awo amauluka kudzaikira mazira. Tsiku limene mudzatembenuze mwala n'kuona wophwatalala akuthawira kuseri, mudzadziwa kuti ntchito yanu yabala.

Koma mtsinje suli wa munthu mmodzi. Wa kumtunda akathira uve, wa kumunsi ndiye amamwa. Mutu umodzi susenza denga. Nkhaniyi tikaikambe ndi amfumu, tikaikambe ndi midzi yoyandikana nayo, ndipo potero tinyamule kope lathu, kuti tisakambe zongomva koma zimene tinaona ndi kulemba.

Amayi ndi abambo, mawu anga athera pamenepa. Mbale iri apa, sefa iri apa. Tiyeni titsikire ku madzi, aliyense akatembenuze mwala wake.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Tchulani misinkhu inayi ya efemera.
2. Mwana wa efemera timamudziwa ndi zizindikiro ziti?
3. Timatumba ta pamsana tikada bii, ndiye kuti chiyani?
4. Chifukwa chiyani wazivindikiro amapirira matope kuposa wophwatalala?
5. Kodi madzi okhala ndi aefemera ambiri tingamwe osawiritsa? Fotokozani.
6. Funsani akulu a m'mudzi mwanu m'mene mtsinje wanu unaliri kale. Lembani mizere isanu ya zimene akuuzani.